LAMULO LIKUTI BWANJI: Wobvulazidwa pa Cipatala Asakhale Cete, Mlandu Wake Umaola

MAKOLO akale anati mlandu suola. Pa bwalo la mfumu mau amenewa akali ndi mphamvu, pakuti ng'ombe imene inadya cimanga ca mwini zaka khumi zapitazo ikhoza kuchulidwa ngakhale lero. Koma m'makhoti a Boma zinthu sizili tero. Munthu amene wabvulazidwa pa opareshoni kaamba ka kusasamala kwa anchito a m'cipatala ali ndi zaka zitatu zokha zoti apereke mlandu wake ku khoti. Zaka zimenezi zikatha, khomo limatsekedwa, ngakhale cilonda cikali kutuluka mafinya.

Lamulo limene linaika malire amenewa ndi la Law Reform (Limitation of Actions), lopezeka pa Mutu 72 wa malamulo a dziko la Zambia. Ngati wodwalayo wamwalira, a m'banja lake nawonso ali ndi zaka zitatu kucokera pa tsiku la imfa. Mabanja ambiri a kumidzi amataya ufulu wao cifukwa cosadziwa zimenezi. Caka coyamba amalira, caciwiri amayenda-yenda m'maofesi, ndipo pofika kwa loya nthawi imakhala itatha kale.

SIKULEPHERA KULI KONSE KUMENE KULI MLANDU

Coyamba kudziwa ncakuti dotolo salonjeza kuciritsa. Opareshoni iri yonse iri ndi ngozi zake, ndipo munthu akhoza kumwalira m'manja mwa dotolo waluso amene wacita zonse moyenera. Lamulo limayang'ana kusasamala, ndiko kulephera kucita zimene dotolo wodziwa bwino nchito yake akadacita pa nthawi imeneyo.

Muyeso umene makhoti a m'Zambia amatsata unacokera ku Mangalande, pa mlandu wa Bolam umene unaweruzidwa m'caka ca 1957. Wodwala wina wa matenda a maganizo anapatsidwa cithandizo ca magetsi popanda mankhwala ofewetsa minofu, ndipo anathyoka mafupa a m'ciuno. Madotolo amene anapereka umboni anasiyana maganizo: ena anati mankhwalawo anali ofunika, ena anati iai. Khoti linagamula kuti dotolo alibe mlandu ngati watsata njira imene gulu la madotolo odalirika limaibvomereza kuti njoyenera, ngakhale madotolo ena ali ndi njira yao yosiyana. Wodwalayo analuza mlandu.

Khoti lalikulu koposa la Supreme Court linatsimikiza muyeso womwewu m'caka ca 2007, pa mlandu wa mwana amene anameza cotsekera botolo, namwalira pambuyo pa cithandizo cimene analandira ku University Teaching Hospital mu Lusaka. Imfayo inali yomvetsa cisoni, koma oweruza sanapeze kuti madotolo anapatuka pa njira yobvomerezeka ya nchito yao.

ZINTHU ZITATU ZOFUNA UMBONI

Wodandaula ayenera kuonetsa khoti zinthu zitatu. Coyamba, kuti cipatala cinamlandira ngati wodwala, cotero cinali ndi udindo womsamala. Caciwiri, kuti anchito ake analephera kufika pa muyeso umene wachulidwa uja. Cacitatu, kuti kulephera kumeneko ndiko kunabweretsa cilema kapena imfa.

Cacitatuci ndico cimagwetsa ambiri. Ku London, pa tsiku loyamba la caka ca 1966, mlonda wina wa usiku anamwa tiyi wokhala ndi poizoni, napita ku cipatala akusanza. Dotolo sanabwere kudzamuona, koma anatumiza mau akuti apite kunyumba akaonane ndi dotolo wake. Mlondayo anamwalira tsiku lomwelo. Khoti linabvomereza kuti dotolo analakwa, koma mkazi wamasiye sanalandire kanthu, pakuti umboni unaonetsa kuti ngakhale akadagonekedwa nthawi yomweyo, mankhwala sakadafika msanga kuti ampulumutse.

Ncifukwa cake mlandu wotere umafuna dotolo wina woti aimirire m'khoti ndi kufotokoza pamene mnzake anaphonya. M'caka ca 1983 khoti la High Court m'dziko muno linanena kuti silingangoganizira lokha kuti katswiri analakwa popanda umboni womveka. Misozi ya banja, ngakhale iri yoona, singalowe m'malo mwa umboni wa katswiri.

Komabe ziripo zolakwa zina zimene zimadzinenera zokha. Thonje kapena kacitsulo kakaiwalidwa m'mimba mwa munthu, kapena dotolo akadula mwendo wabwino kusiya wodwala, cipatala ndico ciyenera kufotokoza m'mene zoterezo zinacitikira popanda kusasamala. M'cipinda ca opareshoni mwambo wa nchito ndi wakuti thonje, singano ndi zitsulo ziwerengedwe asanayambe ndiponso asanatseke bala, ndipo bungwe la World Health Organization linaika zimenezi pa mndandanda wake wa citetezo ca opareshoni m'caka ca 2008. Ku Mangalande, pa mlandu umene unaweruzidwa m'caka ca 1951, munthu wina analowa m'cipatala kuti amkonze zala ziwiri zopindika, koma anaturuka zala zinai zitauma, dzanja lonse losagwira nchito. Khoti linati eni cipatala alipire, pakuti iwo ndiwo ayankha pa zocita za anchito ao.

Nkhani yina ndi ya cilolezo. Munthu wamkulu wa nzeru zake sayenera kucitidwa opareshoni asanabvomere, kupatula pa ngozi yadzidzidzi pamene ali cikomokere ndipo moyo wake uli pa ciswe. Iye ayenera kuuzidwa cimene adzacitidwa, m'cinenero cimene akumva. Kusaina kapena kudinda cala pa pepala lija kumatanthauza kuti wabvomera opareshoni pamodzi ndi ngozi zake zodziwika. Sikutanthauza kuti wabvomera kusasamala.

MAKOMO AMENE ALI OTSEGUKA

Khomo loyamba liri pa cipatala pomwepo. Wodwala kapena mbale wake alembe kalata kwa mkulu wa cipatala, kuchula tsiku, wodi, ndi zimene zinacitika, ndi kupempha kufotokozeredwa. Asunge kope lake la kalatayo, lodindidwa cidindo ca ofesi. Yankho likapanda kubwera, nkhani ipite kwa mkulu wa za umoyo wa pa boma, kenaka ku ofesi ya cigawo. Amene sadziwa kulemba athandizidwe ndi aphunzitsi, abusa kapena a m'komiti ya za umoyo ya m'dera lao.

Khomo laciwiri ndi la mabungwe oyang'anira mwambo wa nchito. Madandaulo okhudza madotolo, othandiza madotolo ndi zipatala amapita ku Health Professions Council of Zambia, bungwe limene linalowa m'malo mwa Medical Council of Zambia potsata lamulo la m'caka ca 2009. Okhudza anamwino ndi azamba amapita ku Nursing and Midwifery Council of Zambia, limene lisanafike lamulo la 2019 linali kudziwika ndi dzina lakuti General Nursing Council. Mabungwe amenewa ali ndi mphamvu yofufuza, kudzudzula, kuimitsa munthu pa nchito, ngakhale kumlanda ciphaso. Nchito yao yaikulu ndi kuteteza odwala ena a mtsogolo. Koma cenjezo ndi ili: kudandaula ku mabungwe amenewa sikuimitsa zaka zitatu zija. Masiku amapitirira kuwerengedwa pamene banja likudikira yankho.

Khomo lacitatu ndi la khoti, kumene munthu amapempha cipukuta misozi. Milandu yotere siyoyenera khoti laling'ono la Local Court, limene nchito yake yaikulu ndi kuweruza za miyambo, ndipo maloya saimirira anthu kumeneko. Imapita ku khoti la majisitireti kapena ku High Court, molingana ndi kukula kwa ndalama zimene zikupemphedwa. Ngati cipatala nca Boma, woimbidwa mlandu ndi Attorney General, loya wamkulu wa Boma, potsata lamulo la State Proceedings Act la pa Mutu 71. Ngati nca kampani kapena munthu wamba, oimbidwa mlandu ndi eni ake pamodzi ndi dotolo amene anagwira nchitoyo. Zipatala za mishoni zimakhala ndi anchito ena olipidwa ndi Boma, cotero loya ndiye aunike bwino amene ayenera kuyankha. Oweruza a High Court ali ndi mphamvu yotumiza mbali ziwirizo kwa mkhala-pakati kuti zimvane mlandu usanazengedwe, ndipo njira imeneyi imafupikitsa nthawi ndi kucepetsa ndalama zoonongeka.

Khomo lacinai ndi la apolisi. Kusasamala kukafika poipitsitsa, monga kugwira nchito munthu ataledzera, lamulo la Penal Code limauona ngati mlandu wa upandu. Imfa yosadziwika bwino cifukwa cake ikhoza kufufuzidwa ndi majisitireti potsata lamulo la Inquests Act. Apa mpamene kupima mtembo kuli kofunika. Mabanja ambiri amakana, ena cifukwa ca mwambo, ena cifukwa cofuna kufulumira ndi maliro. Koma mtembo ukaikidwa m'manda osapimidwa, umboni waukulu umakwiriridwa nao pamodzi.

ZOYENERA KUSUNGA

Mlandu umaima pa mapepala. Banja lisunge kadi la cipatala, kalata yotumizira wodwala kucokera ku kiliniki, pepala loturutsira m'cipatala, zithunzi za X-ray, mapaketi a mankhwala, ndi marisiti onse a ulendo ndi a mankhwala ogula. Wina wa m'banja alembe m'kabuku masiku ndi maola: nthawi imene wodwala anafika, nthawi imene anaonedwa, mau amene ananenedwa, ndi maina a anthu amene analipo. Mutu umaiwala, koma pepala siliiwala. Faelo ya wodwala imakhala m'manja mwa cipatala, koma mlandu ukalowa m'khoti cipatala cimalamulidwa kuiturutsa.

Khoti powerengera cipukuta misozi limayang'ana ndalama zimene munthu waononga, ululu umene wamva, cilema cimene watsala naco, ndi phindu limene sadzathanso kupeza. Mlimi alibe pepala la malipiro a pa mwezi, koma marisiti a cimanga cogulitsidwa ku Food Reserve Agency, a thonje, fodya kapena nshawa, amaonetsa zimene anali kukolola manja ake akali amphamvu. Pa imfa, mkazi, mwamuna, ana ndi makolo amene anali kudalira womwalirayo ali ndi gawo lao, ndipo kawiri-kawiri mlandu umatsogoleredwa ndi woyang'anira cuma ca masiye wosankhidwa ndi khoti. Cotero banja lisacedwe kutenga makalata a udindo umenewu.

WOSAUKA APITE KUTI?

Maloya amafuna ndalama zambiri, ndipo woluza mlandu kawiri-kawiri amalamulidwa kubweza zimene mnzake waononga. Ncifukwa cake Boma linakhazikitsa bungwe la Legal Aid Board, limene likugwira nchito potsata lamulo la m'caka ca 2021, ndipo liri ndi maofesi m'zigawo, kuphatikizapo ku Chipata. Bungweli limaona kapezedwe ka wopempha ndi mphamvu ya mlandu wake, ndipo nthawi zina limapempha kandalama kocepa kothandizira. Amai ndi ana alinso ndi National Legal Aid Clinic for Women, imene inayambitsidwa ndi bungwe la maloya la Law Association of Zambia m'caka ca 1990.

Wopambana mlandu ndi Boma adziwe kuti katundu wa Boma salandidwa monga alandira wa munthu wamba. Ndalama zimacokera ku thumba la Compensation Fund limene linakhazikitsidwa m'caka ca 2016, ndipo zimatenga nthawi kuti zifike. Pamenepo mpofunika kudekha ndi kulondola pamodzi ndi loya.

Ziripo njira ziwiri zimene zimasandutsa wodandaula kukhala wolakwa. Yoyamba ndi kumenya kapena kutukwana anamwino pa wodi. Uwu ndi mlandu wa polisi, ndipo wolira maliro akhoza kugona m'ndende. Yaciwiri ndi kuloza cala nkhalamba ya m'mudzi kuti ndiyo yalodza wodwala. Lamulo la Witchcraft Act limaletsa kuchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo pamene mudzi ukukangana za ufiti, colakwa ceni-ceni cimakhala cosafufuzidwa.

Anchito a za umoyo ambiri amagwira nchito yao mokhulupirika, usana ndi usiku, m'zipatala zocepa anthu ndi zipangizo. Kudandaula mwa lamulo sikudana nao. Dandaulo limodzi lolembedwa bwino limacititsa akulu-akulu kuona pamene pali cibowo, ndipo mai wina amene adzagona pa bedi lomwelo caka camawa adzapulumuka. Munthu asaopenso kuti akadandaula adzakanidwa mankhwala, pakuti kukana wodwala cifukwa cotero ndi kuphwanya mwambo wa nchito, ndipo nako kukhoza kunenedwa ku mabungwe aja.

Mwana wosalira anafera mu mbereko. Banja limene likukhulupirira kuti mbale wao wabvulazidwa kaamba ka kusasamala lisonkhanitse mapepala ake sabata lomwelo, lilembe kalata kwa mkulu wa cipatala, ndipo lionane ndi a Legal Aid Board caka coyamba cisanathe.