Ulendo wa ku Tauni Uyambire pa Chipatala cha Kwanu

Ukwati ukatha, alendo atabalalika, mabanja ambiri a achinyamata sakhalitsa kumudzi. Mwamuna wapeza ntchito ya ulonda kapena ya zomangamanga ku Lilongwe, ndipo mkazi amamanga katundu kumtsatira. Mzinda umenewu udakhala likulu la dziko lathu m'chaka cha 1975, ndipo pa kalembera wa 2018 mudapezeka anthu oposa 989,000. Ambiri mwa iwo adafika monga momwe amafikira ana athuwa, ndi mphasa, mapoto aŵiri ndi thumba la ufa.

Ankhoswe amalangiza banja latsopano za ulemu, za kusunga ndalama ndi za kupirirana. Zonsezi n'zabwino. Koma ife tikuti malangizo otere ngopereŵera ngati aŵiriwo akwera basi asadapite pa chipatala cha kwawo kukatsanzika. Makolo ndi ankhoswe aone kuti ulendo umenewu wachitika, monga momwe amaonera kuti ndalama yoyendera yakwana.

Chifukwa choyamba n'chakuti kusamuka kumadula chithandizo. Mayi woyembekezera ayenera kuyamba sikelo m'miyezi itatu yoyambirira ndi kuonedwa kasanu ndi katatu asadachire. Mwana amalandira katemera pa masabata 6, 10 ndi 14, kenaka wa chikuku pa miyezi 9 ndi 15. Wodwala chifuwa chachikulu amamwa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi osadumphitsa, ndipo amene ali pa ma ARV sayenera kuleka ngakhale tsiku limodzi. Banja likachoka mwakachetechete, masiku ameneŵa amapita pamene iwo ali kalikiliki kufuna nyumba ya lendi. Koma akayamba afika pa chipatala, anamwino amalemba m'kabuku ka kuchipatala, amapereka kalata yosamukira kwa amene akumwa mankhwala, ndipo amawauza tsiku loti akaonekere kumene akupitako. Kabukuko kasungidwe pamodzi ndi chiphaso cha unzika, kasatsale m'sutikesi ya agogo.

Chachiŵiri n'chakuti zoopsa za m'tauni n'zosiyana ndi za kumudzi. Kwathu kuno banja lili ndi chimbudzi chake ndipo mjigo amaudziŵa bwino. Ku Mtandire, ku Chinsapo kapena ku Mgona, chimbudzi chimodzi chikhoza kukhala cha mabanja angapo, ndipo madzi amagulidwa pa ndowa. Ndalama ikatha, mayi amayesedwa kukatunga pa chitsime chosavindikira. Mliri wa kolera umene udayamba m'chaka cha 2022 udapha anthu oposa 1,700 m'Malaŵi muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zidachedwa kutsegulidwa chifukwa cha nthendayi. Tsono pofuna nyumba, asafunse za lendi yokha. Aone chimbudzi, afunse kumene kuli madzi, ndipo agule ndowa yovindikira, sopo ndi neti yoteteza ku udzudzu asadaganize za wailesi ndi mipando. Madzi okayikitsa aphitsidwe kapena athiridwe klorini.

Palinso mbaula. Nyumba ikakhala ya chipinda chimodzi, m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, anthu amaloŵetsa makala a moto ndi kutseka chitseko. Makala amatulutsa mpweya woipa umene suoneka ndiponso sununkha, ndipo umapha anthu ali m'tulo. Mbaula izimitsidwe ndi kusiyidwa panja musadagone.

Chachitatu n'chakuti ku tauni kulibe apongozi kapena azakhali pafupi. Mwamuna amachoka m'mamaŵa, mwina amagona ku ntchito, ndipo mkazi amatsala yekha pakati pa anthu osawadziŵa. Matenda a uchembere akayamba usiku, kapena mwana akatentha thupi, adzagogoda pa chitseko cha yani? N'chifukwa chake m'sabata yoyamba aŵiriwo apite pamodzi kukaona chipatala chimene ayandikana nacho, kaya ndi Kawale, Area 18, Area 25 kapena Bwaila, adziŵe njira ndi masiku a sikelo. Ku Kamuzu Central kumapita makamaka odwala amene atumizidwa ndi zipatala zina. Adziŵanenso ndi mayi mmodzi wachikulire wa pafupi, ndipo asunge ndalama pang'ono ya ulendo wadzidzidzi imene sidzakhudzidwa ngakhale ndiwo zitasoŵa.

Ena adzati: “Kodi si ku tauni kumene kuli madokotala ambiri? Tikuderanji nkhaŵa?” N'zoona, zipatala ziliko, ndipo sikelo ndi katemera n'zaulere m'zipatala za boma. Koma kumudzi mlangizi wa zaumoyo amakudziŵani ndi dzina, ndipo mukajomba amafunsa. Mlendo m'tauni palibe amamsoŵa. Amachita manyazi kufunsa njira, naona mzere wautali, nabwerera kukagula mapiritsi pa golosale osadziŵa chimene akudwala. Malungo a mwana wamng'ono sadikira kuti makolo azoloŵere mzinda. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Inu amene mukuŵerenga izi podikira sikelo, mwina mwana wanu kapena mng'ono wanu akukonzeka ulendo wotere. Musanampatse ufa ndi nyemba, mubwere naye kuno pamodzi ndi mnzake. Ndipo akafika, poimba foni musangofunsa ngati ntchito ikuyenda. Funsani kuti: “Kodi chipatala mwachiona? Madzi mukutunga kuti? Mwana apita liti ku sikelo?” Akakanika kuyankha, muimbenso maŵa lake.