Timagula Gitala Kapena Dzina?

Kwathu ku Ngala, mnyamata akalumikiza gitala yamagetsi, thupi la mlombwa, khosi la gitala yakufa, mapikapu ochokera ku Johannesburg, tonse timayamikira kulira kwake. Koma akafuna kuigulitsa, akwaya amatchula mtengo wosakwana ngakhale wa mapikapuwo. Akwaya omwewo amathamangira gitala yachinyengo yolembedwa Fender, yolira ngati chitini.

Izi zimandinyansa. Ogula amati gitala yopanda dzina sungadzaigulitsenso. N'zoona, koma wapha msikawo ndani? Ndi ife tomwe. Gasper Nali ndi Madalitso Band akamaimba ku Ulaya ndi babatoni wopanga okha, timaomba m'manja. Ya mnzathu wapamudzi timaitcha zotolatola.

Musanafunse dzina, imvani kaye kulira kwake, kenako mulipire mmisiri monga mwa thukuta lake.