Zaka 60 za Ufulu: Liwu Lochokera ku Gombe la Salima

Pa 6 July 1964 mbendera ya Britain idatsitsidwa, ya dzuwa lotuluka idakwezedwa, ndipo dzina la Nyasaland lidasiyira malo dzina la makolo athu, Malawi. Mu 2024 dziko lathu lidakwanitsa zaka 60 likudzilamulira. Ife a ku Salima, asodzi a ku Senga Bay ndi ku Chikombe, alimi a mpunga a ku Lifuwu, alimi a thonje a kwa Khombedza, amalonda a pa Kamuzu Road ndi pa Chipoka, tidaimirira pamodzi ndi Amalawi onse kuti tilemekeze tsikuli. Lidafika maso athu akadali ofiira ndi maliro a wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Saulos Chilima, ndi anzake asanu ndi atatu amene adafa pa ngozi ya ndege ku Chikangawa pa 10 June. Komabe mbiri ya mtundu iyenera kunenedwa, pa chisangalalo ngakhale pa chisoni.

Mbiri yathu siyambira pa kubwera kwa azungu. Kum'mwera kwa boma lino, ku Mankhamba kufupi ndi Mtakataka, kudali likulu la Kalonga, mfumu ya Amaravi, ndipo dzina la dziko lino lidatengedwa kwa iwo. Makolowo ankasula makasu, ankaluka nsalu za thonje, ankaweruza milandu pabwalo. M'zaka za m'ma 1800 gombe lino lidaona mdima waukulu: ku Nkhotakota, kwa Jumbe, anthu ankalongedzedwa m'ngalawa kuwoloka nyanja, ulendo wa ku Kilwa wopanda kubwerera. David Livingstone adafika pa nyanjayi mu 1859, ndipo mu 1891 Britain idalengeza kuti dziko lino lili m'manja mwake. Malonda a akapolo adatha, inde, koma m'malo mwake mudalowa msonkho wa nyumba, thangata m'minda ya atsamunda, ndi maulendo a ku migodi ya ku Joni ndi ku Rhodesia amene adasandutsa amuna ambiri kukhala machona. Mbusa John Chilembwe atadzuka mu January 1915, ankanenera onse amene khosi lawo lidatopa ndi goli limeneli.

Tauni ya Salima idakula ndi njanji. Sitima ya pamtunda idafika kuno mu 1935, chaka chomwe mlatho wa pa Zambezi udatsegulidwa, ndipo thonje, mtedza ndi fodya zidayamba kutsikira ku doko la Beira. Chipoka idasanduka pokumanira njanji ndi nyanja. Zitsulo za Ilala, zosulidwa ku Scotland, zidadzera pomwepa sitimayo isanayambe kuyenda mu 1951. Tiziyamikira ntchito zimenezo, koma tisaiwale cholinga chake. Njanji ya atsamunda idayalidwa kuti itulutse zokolola, osati kuti ilumikize Amalawi. Idathera pa Salima pompa kwa zaka zoposa 40, mpaka dziko lodzilamulira lidaifikitsa ku Lilongwe mu 1979 ndi ku Mchinji chaka chotsatira.

Ufulu sudabwere pa mbale. Mu 1953 adatimangirira m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, mafumu ndi anthu awo akukana. Dr Hastings Kamuzu Banda adabwerera kwawo pa 6 July 1958, ndipo mfuu ya "Kwacha!" idamveka m'midzi ndi m'madoko. Pa 3 March 1959 boma la atsamunda lidamanga atsogoleri a chipani cha Congress, ndipo pa doko la Nkhata Bay, pa nyanja yathu yomwe ino, anthu osachepera 20 adawomberedwa. Magazi awo ndiwo mtundu wofiira wa pa mbendera yathu. Nkhondoyi sitidaimenye tokha. Kutsidya kwa nyanja ya Atlantic, zidzukulu za Aafirika amene adagulitsidwa ukapolo nazo zinkavula goli la Britain: chitaganya cha West Indies chidatha mu 1962, ndipo chaka chomwecho Jamaica ndi Trinidad and Tobago adalandira ufulu. Chitaganya chathu chidagwa pa 31 December 1963. Mu 1966 tidakhala Repabuliki, sitepe imene Barbados idadzaponda mu 2021.

Walira mvula walira matope. Zaka 30 zoyamba zidatipatsa Yunivesite ya Malawi mu 1965, ndalama yathuyathu ya kwacha mu 1971, ndi likulu latsopano ku Lilongwe mu 1975, lomwe lidasandutsa Salima kukhala khomo la likulu lolowera kunyanja. Msewu wa m'mphepete mwa nyanja udatsegula madera amene kale ankafikika pa bwato pokha. Pa nkhondo ya ku Mozambique, dziko laling'onoli lidasunga othawa kwawo oposa miliyoni imodzi. Koma zaka zomwezo zidalinso za kadi ya chipani pa chipata cha msika, za kumangidwa popanda mlandu, za kulankhula monong'ona. Amalawi adakonza okha cholakwikacho. Kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 March 1992 idatsegula pakamwa pa anthu. Pa riferendamu ya pa 14 June 1993, pafupifupi awiri mwa atatu alionse adasankha nyali ya matipate. Mu May 1994 Kamuzu adavomereza kugonja kwa Bakili Muluzi. Wovotera tambala wa chipani chimodzi ndi wovotera nyali adapitiriza kukoka khoka limodzi. Mu 2020 khoti lidafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, anthu adavotanso pa 23 June, ndipo mpando udasintha mwamtendere. Maiko ochita zotere ndi owerengeka. Tinyadire, Amalawi!

Ngati pali phunziro limene Salima angapereke ku mtundu wonse, lili pa chilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, atsamunda asanachoke n'komwe, anthu a kumeneko adadziikira lamulo lawo. Mvula ikayamba mu December, chilumba chimatsekedwa. Mabwato amakokeredwa kumtunda, makoka amapachikidwa, alovi amagwira khasu, utaka n'kuswana mwamtendere. Pofika April mfumu imatsegula chilumba pa mwambo, ndipo pa doko la Chikombe pamadzaza eni zilimira, alovi ndi amayi ogula nsomba atanyamula mabeseni awo. Pachilumbapo mowa, chamba ndi juga nzoletsedwa, ndipo wophwanya lamulo amathamangitsidwa, kaya ali ndi mabwato angati. Zotsatira zake zimaoneka pa thandala loyanikira: pamene madoko ena akulira kuti nsomba zatha, Mbenji akadali ndi utaka wokhwima, ndipo akatswiri a za usodzi amabwera kudzaphunzira kwa anthu a m'mudzi. Kudzilamulira kwenikweni ndi kumeneku: kudziletsa lero chifukwa cha mawa, ndi lamulo limodzi kwa mwini bwato ndi kwa mlovi wake.

Lero Salima ali ndi zoti aonetse. Asilikali a dziko lino amasulidwa ku MAFCO. Ku Nanjoka, malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 adayamba kuthira mphamvu m'nthambo za dziko lonse mu 2021, kotero dzuwa limene tinkangolidandaula kuti likuwotcha tsopano likuyatsa mababu ku Lilongwe. Mzimbe wa kuno ukusanduka shuga pa fakitale ya konkuno, mango athu akugulitsidwa kunja, mpunga wa ku Lifuwu ukudyedwa m'mizinda. Zilumba za Maleri ndi gawo la Lake Malawi National Park, imene UNESCO idaiika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984, ndipo mbuna zake zimakoka alendo ochokera kutali. Ana amene makolo awo sadaone khomo la kalasi akhala akuphunzira pulayimale yaulere kuyambira 1994.

Sitikubisa mabala. Pa ufulu tidali anthu pafupifupi 4 miliyoni. Kalembera wa 2018 adapeza oposa 17 miliyoni, pa nthaka yomweyo ndi nyanja yomweyo. Njala ya 2002 idatenga abale athu ambiri m'boma lino. Chambo chasowa, mapiri a ku Thuma adametedwa ndi makala, Linthipe amatsika ndi dothi la minda ya kumtunda, ndipo mu 2024 nyanja idakwera n'kulowa m'nyumba za anthu. Achinyamata ophunzira akuyenda ndi masatifiketi m'manja, ntchito osaiona. Awa ndi mavuto athu, ndipo palibe bwanamkubwa wa kutsidya kwa nyanja woti timuloze chala.

Choncho udindo uli pa ife. Inu asodzi, neti ya udzudzu ibwerere kuchipinda, ndipo nyengo yotseka nyanja ilemekezedwe pa doko lililonse monga ailemekezera ku Mbenji. Inu mafumu athu, gwirani gombe kuti lisagulitsidwe lonse mpaka mwana wa m'mudzi kusowa potungira madzi. Inu makolo, mtsikana amalize sukulu asanamve za banja, mnyamata asasinthanitse kalasi ndi nyali ya usipa. Inu amene tidakutumani ku khonsolo ndi ku Nyumba ya Malamulo, ndalama ya chitukuko ifike pa mlatho ndi pa chipatala pomwe idalembedwera. Ndipo tonsefe tikalembetse, tikavote, tifunse mafunso popanda mantha ndiponso popanda mwala m'manja. Makolo adatichotsera chitaganya, akuluakulu athu adatibweretsera mavoti. M'badwo uno uchotse umphawi. Salima, dzuka ugwire ntchito! Malawi apite patsogolo!