Michael Madigan: zisankho 26 osagonjapo, mapeto ake ndende

Mu January 2021, aphungu a chipani cha Democratic m'chigawo cha Illinois ku America adadzitsekera mumzinda wa Springfield kuti asankhe Sipikala. Kwa zaka zambiri msonkhano wotere unkangokwaniritsa mwambo, poti aliyense ankadziwiratu dzina lomwe lituluke. Ulendo uno zidasiyana. Michael Madigan, yemwe adali pampandowo, ankafunika mavoti 60 koma adapeza 51, ndipo aphungu 19 a chipani chake chomwe adali atanenetsa poyera kuti zivute zitani samuvotera. Pa 13 January mpando udapita kwa Emanuel "Chris" Welch, munthu wakuda woyamba kukhala Sipikala wa Nyumba ya Aphungu ya chigawocho. Mwezi wotsatira Madigan adatula pansi uphungu.

Komatu miyezi iwiri yokha m'mbuyomo, anthu a m'dera lake, kum'mwera chakumadzulo kwa mzinda wa Chicago, adali atangomusankhanso. Kadali ka 26. Chiyambire 1970, zaka ziwiri zilizonse dzina lake linkakhala papepala lovotera, ndipo sadagonjepo n'kamodzi komwe. Adakhala phungu zaka 50, ndipo 36 mwa zakazo adali Sipikala: kuyambira 1983 mpaka 2021, kupatula zaka ziwiri zomwe a Republican adalanda nyumbayo. M'mbiri ya America palibe wina amene adatsogolerapo nyumba ya malamulo nthawi yaitali chotere. Mu October 2025, ali ndi zaka 83, adalowa m'ndende. Omukonda amaloza mavoti aja n'kumati anthu sangapusitsidwe ka 26. Omuda amati mavotiwo ndiwo umboni wakuti zonse zidali zokonzeratu. Mbali zonsezi zili ndi pogwira, kungoti sizilemera mofanana.

America ili ndi zigawo 50, ndipo chilichonse chili ndi bwanamkubwa wake, makhoti ake ndi aphungu ake. Atolankhani akunja amathamangira ku Washington, koma ndalama za sukulu, penshoni ya aphunzitsi, misewu, gawo lina la msonkho ngakhalenso kakweredwe ka mtengo wa magetsi zimagamulidwa m'malikulu a zigawo ngati Springfield. Illinois ili ndi anthu pafupifupi 12.8 miliyoni. Nyumba yake ya Aphungu ili ndi mipando 118, kutanthauza kuti phungu mmodzi amaimira anthu ngati 108,000. Chiwerengero chimenechi tichisunge.

Madigan adabadwa mu 1942 ndipo ndale adazipeza m'nyumba. Bambo ake ankagwira ntchito za chipani ndi za khonsolo mu Wadi 13, ndipo iye mwini ali mnyamata adagwirapo ganyu pa lole yotola zinyalala. Adaphunzira zamalamulo, adakulira m'manja mwa Meya wa Chicago Richard J. Daley, ndipo mu 1969 adakhala mkulu wa chipani mu wadiyo, udindo womwe adaugwira kwa zaka zoposa 50. Mphamvu ya Daley idagona pa akapitawo a chipani, ndipo Madigan adausunga mwambowo ngakhale pomwe mawadi ena adautaya. Kapitawo ankapatsidwa misewu ingapo n'kumadziwa khomo lililonse: apa pali gogo amene sangathe kukokolola chipale chofewa pakhomo, apo mtengo wagwera pampanda, uko bini ya zinyalala yasweka, uyo mwana wake wamaliza sukulu akufuna ntchito. Dandaulo likafika kuofesi ya wadi, linkayankhidwa. Tsiku la chisankho kapitawo yemweyo ankagogodanso, ulendo uno kudzakumbutsa.

Amene amanyoza zimenezi nthawi zambiri ndi anthu oti sadavutikepo kusaka woti awamvere kuboma. Munthu amene msewu wake ndi wosesedwa, foni yake n'kumayankhidwa, sakulakwa akavotera amene akuchititsa zimenezo. Ndipo dera lenilenilo lidasintha nkhope. Pomwe Madigan ankayamba, mudali modzaza mabanja ochokera ku Ireland, Poland ndi Lithuania. Pomwe ankamaliza, ambiri adali ochokera ku Mexico ndi maiko ena olankhula Chisipanishi. Anthu adasintha, voti osasintha.

Chisankho cha chipulula cha mu 2016 chikuonetsa zonse ziwiri nthawi imodzi. Jason Gonzales adaima kuti amugwetse, akudalira anthu atsopanowo. Mwadzidzidzi papepala padaonekanso anthu ena awiri a maina a Chisipanishi omwe sadachite kampeni yooneka. Gonzales adakasuma kuti anthuwo adaikidwa dala ndi anyamata a Madigan kuti agawe mavoti. Makhoti adautaya mlanduwo, ati nkhaniyi idali italengezedwa kale nthawi ya kampeni ndipo ovota adaponya voti akuidziwa. Madigan adapeza mavoti pafupifupi 65 pa 100 aliwonse. Bwenzi atapambana ndithu popanda chinyengo chilichonse, ndiye n'chifukwa chake nkhaniyi imandidabwitsa: munthu woti alibe chomuopsa ankatchingirabe ngakhale kampata kakang'ono.

Koma chisankho chomwe chinkamupatsa mphamvu sichidali cha m'dera lake. Chidali cha madera ena 117 aja. Apa mpomwe luso lake ndi mlandu wake zimakumanirana. Mu 1980 anthu a ku Illinois adavota kuti aphungu achepe kuchoka pa 177 kufika pa 118, n'kuthetsa dongosolo lakale lomwe dera lililonse linkatumiza aphungu atatu. Amene adatsogolera ganizoli, Pat Quinn, ankafuna kupepula boma. Zotsatira zake, aphungu oima paokha adachepa, ndipo aliyense wa m'dera lovuta adayamba kudalira thumba la mtsogoleri wa chipani. Madigan ndiye adagwira thumbalo. Kuyambira 1998 adalinso wapampando wa chipani m'chigawo chonse. Phungu watsopano ankalandira kwa iye ndalama za kampeni, anyamata ogogoda m'makomo, ngakhale malangizo a momwe avotere kuti asakwiyitse kwawo. Bilu iliyonse inkayamba yadutsa mu komiti yomwe iye ankailamulira, ndipo yomwe sadaifune inkafera momwemo osakambidwa.

Palinso nkhani ya malire a madera, omwe amadulidwanso zaka khumi zilizonse kalembera akachitika. Malamulo a Illinois ali ndi kachigawo kodabwitsa: zipani zikalephera kugwirizana, amachita mayere kuti apeze munthu wodula nkhani. Mu 1981 mwayi udagwera a Democratic, ndipo mapu omwe Madigan adajambula ndiwo adamutsegulira njira ya ku mpando wa Sipikala. Mu 2001 dzina lidatoledwa m'chipewa chofanizira cha Abraham Lincoln, mwayi n'kugweranso komweko. Mu 2011 mayere sadafunike n'komwe, chipani chake chidali ndi zonse, ndipo chaka chotsatira chidapeza mipando 71. Wosewera bawo amene adakumba yekha maenje savuta kumukayikira. Anthu oposa theka la miliyoni atasayina kuti ntchito yodula malire ipite ku bungwe loima palokha, khoti lalikulu la chigawocho lidaletsa funsolo kupita kwa ovota mu 2016, oweruza anayi kwa atatu, ndipo loya amene adatsogolera otsutsawo adali loya wa chipani cha Madigan.

Omuikira kumbuyo ali ndi yankho limodzi lomwe sindingalikane. Mu 1991 mayere adakomera a Republican, iwo n'kujambula mapu awo. Mu 1994 adalanda nyumbayo, Lee Daniels n'kukhala Sipikala. Patangotha zaka ziwiri, pamapu omwewo a adani ake, Madigan adaibweza ndi mipando 60 kwa 58, ndipo sadaitayenso. Zimenezo sizichitika ndi cholembera chojambulira malire. Zimafuna munthu wodziwa dera lililonse, wosankha woimira woyenerana nalo, wowerengera voti imodziimodzi. Mkuluyu sankakonda zoyankhula pagulu, sankagwiritsa ntchito imelo, nkhomaliro yake idali apozi, tsiku ndi tsiku. Nthawi yake inkathera pa mapepala ndi mawerengero.

Nanga mphamvu yonseyo adachita nayo chiyani? Zinthu zinkatheka, zimenezo palibe amatsutsa. Usiku wa 30 June 1988, timu ya baseball ya Chicago White Sox idali m'njira yosamukira ku St. Petersburg, ku Florida, ngati aphungu sakadavomereza zomanga bwalo latsopano. Isanakwane 12 koloko usiku bilu inkafuna mavoti 60. Ikangodutsa nthawiyo inkafuna 71. Bwanamkubwa Jim Thompson, wa Republican, adatsikira yekha pakati pa aphungu kukanyengerera mmodzimmodzi, Madigan naye akukoka ake. Voti ya 60 itapezeka, amene adali pampando adalengeza kuti nthawi ndi 11:59, chonsecho mawotchi ena adali atadutsa kale. Timu idatsala ku Chicago. Mu January 2009 nyumba yake idavota 114 kwa 1 kuti Bwanamkubwa Rod Blagojevich, wa chipani chake chomwe, azengedwe mlandu womuchotsa pampando atagwidwa akufuna kugulitsa mpando wa ku Seneti womwe Barack Obama adausiya. Chilango cha imfa chidathetsedwa mu 2011 iye ali pampando.

Nkhondo yake ndi Bwanamkubwa Bruce Rauner njovuta kuigamula. Rauner, mpondamatiki wa Republican, adati savomereza kukweza msonkho pokhapokha mphamvu za mabungwe a anthu apantchito zitachepetsedwa. Madigan adakana kusakaniza ziwirizi. Kuyambira July 2015 mpaka July 2017 Illinois idakhala yopanda bajeti yathunthu. Ngongole zosalipidwa zidafika pafupifupi $15 biliyoni, Chicago State University idachotsa antchito mazanamazana, mabungwe osamalira okalamba ndi olumala adatseka nthambi. Pomaliza Madigan adapeza mavoti 71, khumi mwa iwo a Republican, n'kudutsitsa msonkho wa 4.95 peresenti pamwamba pa kukana kwa bwanamkubwa. Kwa aphunzitsi ndi anamwino a m'mabungwe aja iye ndi ngwazi yomwe idawatchinjiriza. Kwa wophunzira amene thandizo lake la fizi lidaima, akuluakulu awiri adangoumirira aliyense pake iye akuvutika.

Penshoni ndiye chilonda. Pomwe ankachoka, ngongole ya chigawo ku thumba la penshoni idali itaposa $130 biliyoni, imodzi mwa zoipitsitsa m'dzikomo. Abwanamkubwa a zipani zonse ziwiri adazengereza kulipira, ndipo n'zoona kuti mu 2013 Madigan adadutsitsa lamulo lofuna kuchepetsa vutoli, lomwe khoti lidalikana mu 2015. Komabe iye adakhala Sipikala pansi pa abwanamkubwa asanu ndi awiri. Iwo ankabwera n'kupita, awiri mwa iwo kudzera kundende, iye ali pomwepo. Sizingatheke kutamandidwa kuti palibe chinkadutsa iye osavomera, kenako n'kusamba m'manja pa mabajeti omwe adadutsa.

Chidamugwetsa ndi magetsi. Mu July 2020 kampani yamagetsi ya ComEd idavomera kwa oimira boma pamilandu kuti kwa zaka zambiri inkapereka ntchito ndi makontirakiti kwa anthu a Madigan pofuna kumusangalatsa, ndipo idalipira chindapusa cha $200 miliyoni. Anthu ena adalandira ndalama zokwana pafupifupi $1.3 miliyoni osagwira ntchito yooneka, pomwe mu 2011 ndi 2016 nyumbayo idadutsitsa malamulo omwe kampaniyo inkawafunitsitsa. Khansala Danny Solis naye ankamujambula mawu mobisa, atagwirizana ndi FBI. Madigan adaima yekha m'khoti kudziteteza. Mfundo yake idali yakuti anthu akamupempha thandizo ankayesetsa kuwathandiza, ndipo kutchulira munthu ntchito si ziphuphu. Maloya ake adali ndi podalira, poti mu 2024 khoti lalikulu la dziko lonse lidagamula, pamlandu wina, kuti lamulo lina la katangale silikhudza mphatso yothokoza yoperekedwa zinthu zitachitika kale. Pa 12 February 2025 oweruza wamba adamupeza wolakwa pa milandu 10 mwa 23, adamumasula pa 7, n'kulephera kugwirizana pa 6 yotsalayo. Woweruza John Blakey adamupatsa zaka zisanu ndi ziwiri ndi theka komanso chindapusa cha $2.5 miliyoni, n'kunena kuti mkuluyo adanama popereka umboni.

Ena amafuna kuti nkhani ziwirizi zilekanitsidwe: phungu wolimbikira amene anthu ankamukonda kwina, nkhalamba yomwe idapunthwa kumapeto kwina. Ine ndikuona kuti ndi nkhani imodzi. Ena mwa omwe ankalandira ndalama za ComEd adali akapitawo ndi makhansala akale a dera lomwelo. Kapitawo sagogoda m'makomo kukuzizira chifukwa cha chikondi chokha. M'masiku a Daley malipiro ake adali ntchito ya ku khonsolo. Makhoti atayamba kutseka njira imeneyo, kuyambira ndi zigamulo za mlandu wa Shakman mu 1972, malipiro adayenera kuchokera kwina. Choncho anthu 108,000 aja sadapusitsidwe. Ankalandiradi zomwe ankavotera. Koma mbali ina ya mtengo wake inkagwera makasitomala pafupifupi 4 miliyoni a ComEd ndi okhometsedwa msonkho a chigawo chonse, omwe ambiri mwa iwo dzina la Madigan sadalionepo papepala lawo lovotera.

Atatula pansi udindo, malamulo a chipani adamupatsabe mphamvu yosankha womulowa m'malo. Amene adamusankha adangokhala masiku atatu n'kutula naye pansi, ndipo mpando udapita kwa Angelica Guerrero-Cuellar. Welch atangoyamba ntchito, nyumbayo idaika lamulo lakuti Sipikala asapitirire zaka khumi. Za malire sizidasinthe: mu 2021 aphungu a Democratic adajambulanso okha mapu, ndipo pachisankho cha 2022 adapeza mipando 78 mwa 118, kuposa yomwe Madigan adapezapo m'zaka zake zonse.