Nyama zongopeka zilowe m'kalasi ya sayansi

Mu 1981 Dougal Dixon, katswiri wa za miyala wa ku Scotland, adatulutsa buku lotchedwa After Man, momwe adajambula nyama zomwe zingadzakhalepo pakapita zaka 50 miliyoni, mtundu wa anthu utatha. Mwa izo muli Vortex, chimphona cha m'nyanja chotalika mamita 12, mbadwa ya mbalame za pengwini, chomwe chalowa m'malo mwa anamgumi atazimirira. Mulomo wake wasanduka chosefera tizilombo ta m'madzi. Zopeka zoterezi aphunzitsi asazinyoze, chifukwa zimakakamiza wophunzira kufunsa zomwe zimaumba thupi la nyama: chakudya, adani ndi malo omwe ena asiya.

Dixon sadapeke mwachisawawa. Anamgumi enieni adachokera ku nyama za miyendo inayi, monga Pakicetus, yomwe inkayenda pamtunda zaka pafupifupi 50 miliyoni zapitazo ndipo mafupa ake adafukulidwa ku Pakistan. Ku New Zealand kudapezeka mafupa a mapengwini akale olemera kuposa munthu wamkulu. M'nyanja ya Malawi momwemu, mbuna, utaka ndi ncheni, mitundu mazanamazana, ndi za fuko limodzi lomwe lidagawikana potsata chakudya ndi malo. Nsomba ya kaligono imagona chammbali pamchenga ngati yafa, kenako n'kumbwandira tinsomba tobwera kudzajompha. Ikadakhala ya m'buku la Dixon, ambiri akadati wanama.

Ena adzati kuphunzitsa nyama yomwe kulibe n'kusokoneza ana, ndipo nkhawayi ndi yomveka ngati mphunzitsi sanena poyera kuti ichi n'chopeka. Adzaonjezanso kuti Vortex ili ndi chilema chachikulu: imabereka ana amoyo m'madzi, pomwe palibe mbalame yodziwika yomwe imatero. Koma phunziro lagona pa chilemacho. Mwana wa mbalame amapuma kudzera m'chikamba cha dzira, motero dzira likamira amafa, n'chifukwa chake pengwini amatuluka m'madzi kukaikira. Zokwawa zina zakale za m'nyanja, monga ichthyosaur, zinkabereka ana amoyo, ndipo mafupa ake akuchitira umboni. Nanga mbalame zalephereranji? Wophunzira wofufuza yankho kuti agwetse Vortex wayamba kale kugwira ntchito ya wasayansi, yomwe woloweza mayina a nsomba pokonzekera mayeso sanaikhudze n'komwe.