Kugula nyumba yosatha ku Mfuwe: makoma ndi a wogula, nanga malo ndi a ndani?

M'mbali mwa msewu wocokera ku bwalo la ndeke la Mfuwe kupita ku cipata ca paki ya South Luangwa muli nyumba zambiri zimene nchito yake inaima pakati. Zina makoma anafika pa mazenera, zina zikudikira malata, ndipo zina udzu unamera kale pa silabu. Cuma ca dera lino cimadalira alendo odzaona nyama, amene amabwera kwambiri kuyambira June mpaka October. Mvula ikayamba, misasa yambiri ya m'thengo imatsekedwa, malipiro amacepa, ndipo kumanga kumaima. Mu 2020, pamene matenda a Covid-19 analetsa alendo kubwera, anthu ambiri ogwira nchito m'maloji anakhala miyezi yambiri opanda malipiro okwanira.

Eni ena a nyumba zotere amafika poganiza zogulitsa. Nkhani yake imamveka pa msika wa Cropping, ku Masumba, kapena pa WhatsApp ndi Facebook, ndipo mtengo wake umakopa mphunzitsi, namwino kapena wamalonda amene watopa ndi lendi. Kupeza nyumba si kovuta. Covuta ndi kudziwa cimene munthu akulipira.

Malo ambiri a m'boma la Mambwe ali m'manja mwa mafumu a Akunda: Mfumu Yaikulu Nsefu, ndi mafumu Kakumbi, Mnkhanya, Malama, Jumbe ndi Msoro. Pa mwambo, malo otere sagulitsidwa. Munthu amapatsidwa kuti akhalepo, ndipo wogula nyumba amalipira njerwa, simenti ndi thukuta la womanga, osati nthaka. Conco kalata yolembedwa ndi wogulitsa yekha, ngakhale ikhale ndi mboni ziwiri, siipatsa wogula mphamvu pa malowo. Afunika kudziwika kwa mfumu ya mudzi, ndiponso kulandira cilolezo colembedwa kucokera ku nyumba ya mfumu.

Pali mfundo ina imene alendo ocokera ku Lusaka kapena ku Chipata amaiwala. Akunda amatsata mtundu kucokera kwa mayi, ndipo malo amene munthu wamangapo angakhale a banja lonse, osati ake yekha. Malume kapena mlongo wa wogulitsa angathe kutulukira denga litakhomedwa kale, nakana kuti banja linavomereza. Lamulo la za cuma ca masiye la 1989 silikhudza malo a mwambo, motero nyumba yogulitsidwa ndi ana a malemu imafuna kusamala koposa. Wogula wanzeru amapempha kuti akuluakulu a banja akhalepo tsiku lopereka ndalama.

Wofuna cikalata ca boma, cimene ambiri amacha taitolo, ali ndi ulendo wautali. Lamulo la malo la 1995 limalola kusintha malo a mwambo kukhala a lendi ya zaka zofika 99, koma pokhapokha mfumu ndi khonsolo atavomereza. Ku Mfuwe pali khomo lacitatu. Dera lalikulu lili mkati mwa Lupande Game Management Area, ndipo lamulo lomwelo likuti pa malo otere mkulu wa dipatimenti yoyang'anira mapaki ndi nyama zakuchire ayenera kufunsidwa. Wogulitsa wonena kuti taitolo ituluka mwezi wamawa akulonjeza cinthu cimene sicili m'manja mwake. Ngati taitolo ilipo kale, wogula ayenera kufufuza ku Unduna wa Malo kuti dzina lolembedwapo ndi la wogulitsa, ndiponso kuti nyumbayo siinaperekedwe ngati cikole. Pamenepo palinso msonkho wosinthira umwini, umene unakwera kucoka pa 5 kufika pa 8 peresenti mu January 2025.

Nkhani ya taitolo ndi imenenso imatseka khomo la nkhongole. Mabanki, pamodzi ndi bungwe la Zambia National Building Society, amafuna cikole cokhala ndi taitolo asanapereke nkhongole ya nyumba. Wopanda taitolo amatsala ndi nkhongole yodulidwa pa malipiro, imene nthawi yobweza ndi yaifupi, pamene ciwongola dzanja ca mabanki mu 2024 cinali kupitirira 25 peresenti. Ena amadalira cilimba ndi mabanki a m'mudzi, ndipo kuyambira mu April 2023 mamembala a NAPSA oyenerera analoledwa kutengako 20 peresenti ya zopereka zawo, kamodzi kokha. Ndalama zoterezi zingakwanire kugula makoma, koma kawirikawiri sizifika pa denga, zitseko, magetsi ndi cimbudzi. Ndipo simenti ndi malata zimafika ku Mfuwe zitayenda makilomita oposa 100 kucokera ku Chipata. Wobwereka osawerengera mtengo womalizira amangosintha dzina la mwini wa nyumba yosatha, akulipira nkhongole ndi lendi pa nthawi imodzi.

Ubwino umodzi nyumba yosatha ili nawo: siibisa zolakwa zake. Makoma osapaka pulasitala amaonetsa ngati njerwa zinapsa bwino, ngati simenti inali yokwanira, ndiponso ngati ciswe calowa kale. Mmisiri woyendera nyumbayo akhale wosankhidwa ndi wogula, osati amene anaimanga. Ayang'anitsitse maziko, cifukwa mbali zambiri za cigwa zili ndi dothi lakuda la makande, limene limafufuma m'dzinja ndi kung'ambika m'cilimwe, n'kuswa makoma amene maziko ake ndi osazama.

Nyengo yoyendera nayonso ndi yofunika. Malo ooneka ouma mu September angakhale dziwe mu February. Anthu okhala m'derali sanaiwale February 2007, pamene mtsinje wa Luangwa unasefukira, madzi nalowa m'midzi ndi m'maloji. Anansi ndi amene angaloze pamene madzi anafika caka cimeneco, ndiponso ngati malowo ali pa njira imene njovu zimadutsa usiku popita ku mitengo ya mango ndi ku nkhokwe za cimanga.