Ndinapita kukaonera baseball, ndinabwerako ndikukamba za zimbudzi

Atsikana anzanga, ndivomere kaye kuti baseball sindiidziwa. Mpaka lero sindimvetsa chifukwa chimene munthu amamenyera mpira kenako n'kutaya chibonga n'kuyamba kuthamanga. Koma nditapita ku Texas kukachita maphunziro a milungu yochepa, mayi amene ankandisunga anati sindingabwerere kwathu ndisanaone bwalo latsopano la timu yawo, Texas Rangers. Ndiye tinapita.

Bwaloli ndi Globe Life Field, mumzinda wa Arlington. Linatsegulidwa mu 2020, limalowa anthu pafupifupi 40,000, ndipo lili ndi denga lotseguka ndi kutsekeka. Kunja dzuwa likuswa mtengo, mkati muli zii ngati mu banki. Bwalo lakale, la mu 1994, likadali chapafupi pomwepo, ndipo chifukwa chachikulu chimene analisiyira ndi kutentha. Kwathu kuno bwalo la zaka zimenezo tikanati likadali lanyuwani, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Chimene chinandikhudza ine si denga ayi. Masewera ali mkati ndinafuna kupita kuchimbudzi, ndipo thupi langa linayamba lokha kukonzekera nkhondo: chikwama pachifuwa, nkhope yolusa, tishu wanga m'manja. Ndinadutsa pakati pa amuna ambirimbiri, ena atagwira mowa, koma palibe anandigwira kapena kundiimbira likhweru. Ndinalowa, chitseko chinatsekeka, madzi anatuluka pampopi. Pobwerera ndinapeza amene ankamenya mpira uja ndi timu yomweyo. Ndinakhala pansi n'kudzifunsa: kodi ndi liti pamene ndinaonerapo mpira ndisakudziteteza?

Amene mumapita kumpira kwathu kuno mukudziwa zimene ndikunena. Tsiku lina pabwalo lina, sinditchula dzina, ndinakhala kuyambira 12 koloko mpaka 5 osamwa madzi, dala, poopa chimbudzi. Pageti pokanikizana dzanja la munthu linafika pamene silinaitanidwe, ndipo nditakuwa anthu anaseka, wina n'kuti "nanga kumpira umadzatani, sisi?" Ndinali nditalipira tikiti yofanana ndi yake. Mnzanga amene anali kumwezi tsiku limenelo anatuluka pa half time osabwereranso, poti panalibe posinthira padi kapena potayira.

Ku Arlington kuja ndinaonanso chipinda cha amayi oyamwitsa. Apa ndinaseka pang'ono, chifukwa ife timayamwitsa mu minibasi, kutchalitchi, pamsika, ndipo sindikufuna tsiku lina wina adzatiuze kuti tizikabisala. Koma chipindacho chinandiuza chinthu chimodzi: pamene ankajambula pulani ya bwaloli, wina anakumbukira kuti mayi wa khanda nayenso ndi sapota.

Ndipo zoterezi sizichokera mu ubwino wa mtima wa omanga. Mu 2005 mzinda wa New York unakhazikitsa lamulo loti m'malo atsopano osonkhana anthu ambiri, zimbudzi za akazi zizichuluka kawiri kuposa za amuna. Chifukwa chake n'chodziwika kwa aliyense amene anaimapo pamzere: mkazi amatenga nthawi yotalikirapo, amavula zambiri, nthawi zina ali kumwezi, ali woyembekezera kapena ali ndi mwana. Kugawa malo mofanana ndendende kumathera pa mzere wautali mbali imodzi yokha.

Musaganize kuti ndikuti ku America ndi kumwamba. Bwalo lija linadya ndalama zoposa 1 biliyoni ya madola, ndipo mu 2016 anthu a ku Arlington anavota kuti mzinda wawo uikepo mpaka madola 500 miliyoni a misonkho. Misonkho imeneyo akazi amalipira nawo, koma pabwalo pamasewera amuna okhaokha. Atsikana ambiri kumeneko amawakankhira ku softball akadali aang'ono. Mkazi woyamba kukhala general manager wa timu mu ligi yaikulu, Kim Ng wa Miami Marlins, anasankhidwa mu 2020. Woimbira wamkazi woyamba pa masewera a ligiyo, Jen Pawol, anayamba mu Ogasiti 2025. Ligi ya zaka zoposa 100! Ndiye inde, anatipatsa chimbudzi chabwino, koma anatipatsa monga makasitomala.

Bwalo limene ndimalilakalaka kwenikweni sindinafikeko. Lili ku Kansas City, dzina lake CPKC Stadium, linatsegulidwa mu Marichi 2024, ndipo analimangira timu ya mpira wamiyendo ya akazi, Kansas City Current. Mipando ndi 11,500 basi. Mmenemo ndi mmene Temwa Chawinga wathu anasewera chaka chimenecho n'kumwetsa zigoli 20 mu ligi, n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Mtsikana wa kuno, bwalo lomangidwira akazi analipeza kutsidya kwa nyanja.

Ena anena kuti dziko losauka ngati lathu lisamafanizidwe ndi Texas. Zoona, denga loyenda lokha sitikulifuna. Koma loko wa chitseko ndi ndalama zingati? Bini yotayira mapadi? Magetsi panjira yochokera pabwalo kukafika pa siteji ya minibasi? Mageti okwanira otsegulidwa nthawi yabwino, ndi asitiwadi aakazi osecha akazi? Za mageti tisazitenge mwachibwana: pa 6 Julayi 2017 anthu 8, ambiri a iwo ana, anafa popondana pa Bingu National Stadium, bwalo limene linali litangotsegulidwa chaka chomwecho.

Mabwalo akumangidwabe m'maboma, ndipo nthawi ya kampeni ikafika amalonjezanso ena. Ine ndikamva kuti kwanu kukubwera bwalo, pempho langa ndi loti tisadikire tsiku lodula riboni kuti tikavine. Tipite ku khonsolo pulani ikadali papepala, tikafunse khansala ndi a MP kuti zimbudzi za akazi ndi zingati, madzi azichokera kuti, matimu a atsikana azisewerapo masiku ati, ndipo mu komiti yoyendetsa bwalolo muli akazi angati. Amene ali ndi bwalo likumangidwa kudera kwawo andipeze ku inbox, tilembere limodzi kalatayo sabata ino.